Mayi akana kudinda chala kuti nyumba ndi ya mwamuna wanga

Aphungu,

Ndithandizeni chonde, ndachita zopusa ndipo mwezi ukutha. Ndili ndi zaka 24, ndimakhala ku Magaleta kuno ku Neno, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi, Faith, wa zaka ziwiri. Mwamuna wanga ndimutchula kuti Dickson. Si dzina lake lenileni, koma akawerenga adzidziwa basi.

Dickson kwawo ndi ku Zalewa, koma titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu kuno monga mkamwini. Mayi anatilozera malo kumtunda kwa khola la mbuzi, iye n'kuumba njerwa yekha, kuwotcha yekha, mpaka nyumba ya zipinda zitatu inaima. Ndikati yekha ndikunena yekhadi, Aphungu. Ine ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kumuuza kuti khoma lapendama. Ali ndi njinga yamoto imene mnzake amachitira kabaza pa Zalewa, komanso timalima kachewere.

M'mwezi wa Malichi mwayi unamugwera, anapita ku Ulaya pa viza ya ntchito ya kanthawi. Amathyola zipatso pa famu, kontirakiti ya miyezi naini. Ndinalira pa Zalewa pomukweza basi mpaka amayi ogulitsa manachesi anandipatsa awiri aulere kuti nditonthole.

Ndiye masabata awiri apitawa kuntchito kwawo anawapatsa fomu yochokera kwa a misonkho a dzikolo. Iye anaijambula n'kunditumizira pa foni, poti pa awirife wa Chingerezi cha m'mapepala ndine. Fomuyo ikufunsa kuti wakhala m'dzikomo masiku angati, ngati ali ndi ndalama zina zimene amapeza kunja kwa dzikolo, komanso kuti nyumba yake yokhazikika ili kuti. Mayi wina wa muofesi ya pafamupo anamufotokozera kuti akufuna adziwe ngati pa nkhani ya msonkho amuwerenge ngati munthu wa kumeneko kapena wa ku Malawi. Akuti akamuwerenga wa kumeneko, mwina angamufunsenso za kabaza ndi za kachewere. Tangoganizani, Aphungu, mzungu kufuna kudziwa za kachewere wa ku Magaleta! Mayiyo anati ndi bwino atumize umboni woti ali ndi pokhala ndi banja ku Malawi mwezi uno usanathe. Ife bilu ya madzi tilibe, timatunga pa mjigo. Ya magetsi tilibe, timayendera kasola. Ndiye anati kalata yochokera kwa mwini malo ingathandize.

Mwini malo ndi mayi anga. Ine ndinati aaa, zophweka izi! Ndinalemba kalata, Chingerezi chake mukanachiona mukanandilemba ntchito. Ndinakwera njinga mpaka pa boma kukaisindikiza, ndinagulanso inki poti mayi salemba, amadinda chala. M'kalatamo ndinalemba kuti Dickson ndi mwini wa nyumba imene ili pa malo akutiakuti.

Ndinawapeza mayi akusankha nyemba pakhonde, ndinayamba kuwamasulira mzere ndi mzere. Ankangogwedeza mutu. Nditafika pamenepo anaika lichero pansi.

"Tabwereza."

Ndinabwereza.

"Mwini chiyani?"

"Mwini nyumba, mayi. Si anamanga ndi iyeyo?"

"Anamanga, inde, ndinkaona ndi maso angawa. Nanga dothi limene nyumbayo yakhalapo anabwera nalo m'chikwama kuchokera ku Zalewa?"

Aphungu, musawaganizire zoipa mayi anga. Dickson amamukonda mwina kuposa ine amene. Kungoti mukudziwa za upongozi. Chikwatirane chathu awiriwa sanakhalepo pa mkeka umodzi. Akakumana panjira mayi amapatukira m'chimanga ngati aona wapolisi. Dickson akaimba ya vidiyo, mayi amathawira kuseri kwa nyumba n'kumakuwa ali komweko, "Uwafunse bambowo ngati akudya! Uwauze azivala juzi, kumeneko ndamva kuti madzi amauma m'kapu!" Iye nayenso, "Uwauze amayi ndawagulira nsapato." Ine ndiye positi ofesi yawo. Chilichonse chimadzera mwa ine.

Komanso mayi ali ndi chifukwa chawo. Mng'ono wawo, mayi aang'ono a Enelesi, amuna awo analembetsa dimba la kwathu m'dzina lawo pa nthawi imene ankalowa kalabu ya alimi. Aliyense anati n'zongolemba chabe. Bambowo atamwalira abale awo anabwera atanyamula pepala lija, ndipo mlandu wake unatenga zaka zitatu. Chichokereni pamenepo mayi akaona pepala amaona njoka.

Tsopano kupusa kwanga ndi uku. Ndinaona kuti ndikamuuza Dickson kuti mayi akana, aganiza kuti ine sindinafotokoze bwino, kapena ndachita ulesi. Ndiye ndinati ndingowajambula mawu mayi mobisa, amve yekha kuti alibe naye chifukwa. Foni ndinaibisa m'chitenje. Mayi anayamba bwinobwino. Anati, "Bambo a Faith ndimawakonda ngati mwana wobala ndekha. Denga la khitchini yangayi anakhoma ndi iwowo osawauza munthu. Ndikadwala amene amathamangira kuchipatala ndi iwowo." Anapitiriza, "Koma mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndipo pepala silifa. Ine ndifa, iwe udzafa, pepala lidzatsala, abale awo adzabwera nalo kudzathamangitsa Faith. Chala changa sichipita pamenepo."

Ndinathamangira pa chulu pamene timapezera netiweki n'kutumiza osamvetsera n'komwe. Aphungu, kodi mukudziwa kuti chala changa chinachedwa kudina? Zabwino zonse zija sizinalowe. Uthengawo unayambira pa "mkamwini ndi mlamba". Pomwepo! Ndinazindikira atamvera kale.

Masiku awiri zii. Munthu amene amanditumizira chithunzi cha chilichonse, ndi cha nsapato zake zamatope chomwe. Tsiku lachitatu analemba. Masiku onse amanditchula kuti abwana, koma apa anayamba ndi "Mayi a Faith". Anati, "Ndamva. Kuno akundifunsa kuti ndimakhala kuti, kumeneko akuti ndine mlamba. Ku Zalewa nyumba ya mayi anga inagulitsidwa atamwalira. Ndilembe kuti tsono? M'ndege?" Ndinayesa kumufotokozera kuti uthengawo unaduka, kuti mayi ananena zabwino zambiri. Anangoti, "Usawaikire kumbuyo, ndi mayi ako." Kenako anawonjezera ichi chimene chikundiwawa mpaka pano. Anati, "Anzanga ena kuno viza ikatha sabwerera. Ndinkawaseka, koma lero ndawamvetsa."

Mayi sakudziwa kuti ndinawajambula. Dzulo ankandifunsa kuti, "Bwanji bambowo sakuimba masiku ano? Foni yawo yafa?" Ndinangoti ali otanganidwa.

Ndikuuzeni zoona, inki ija ndikadali nayo. Kangapo konse ndayang'ana chala changa n'kumati, kodi mzungu wa ku Ulaya angasiyanitse chala cha ine ndi cha mayi? Ndingodinda, kalata ipite, Dickson aone kuti mayi avomera, nkhani ithe, eti? Koma mtima ukukana. Ndichite bwanji, Aphungu? Za msonkhozo sindikuzimvetsa bwino, koma sindikufuna kuti mwamuna wanga alowe m'mavuto, sindikufuna kuwapusitsa mayi, ndipo ndikufuna Disembala ikafika munthu wanga atsike basi pa Zalewa.

E.C., Magaleta, Neno

Mayi a Faith,

Poyamba, inkiyo mukaike pamwamba pamene simungafikire. Mukadinda chala chanu mudzakhala mutanamiza anthu atatu pa kamodzi: mayi anu, amuna anu ndi boma la eni. Bodza la pa pepala la boma likaululika, wovutika adzakhala Dickson, munthu amene sanalakwe kanthu. Ndipo tsiku limene adzabwere n'kukagwada patali kuthokoza apongozi ake chifukwa cha kalata imene iwo sakuidziwa, inu mudzayang'ana kuti?

Kalata yanu yandiseketsa, koma yandionetsanso banja la anthu okondana. Mayi anu sanakane mkamwini wawo. Akana kalata imene inu munalemba, ndipo pamenepo ine ndili mbali yawo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, fomuyo ikufuna kudziwa kumene Dickson amakhala ndi kumene banja lake lili. Sindinamve kuti ikufunsa za umwini wa malo. Zimenezo munawonjezera nokha chifukwa Chingerezi chinakukomerani. Munthu amene anaona mng'ono wake akuyendera mlandu wa dimba zaka zitatu ali ndi ufulu woopa pepala.

Ndiye lembaninso, ndipo mulembe zoona zokhazokha. Malo ndi a mayi anu. Dickson ndi mkamwini wawo, amakhala pamalopo ndi mkazi wake ndi mwana wake kuyambira chaka chakuti, m'nyumba imene anamanga, ndipo ntchito ikatha ndi kumene akubwerera. Mulembe m'Chichewa ndi m'Chingerezi pa pepala limodzi. Musawawerengere ndinu. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo awerenge munthu amene mayi amamukhulupirira. Akakhutira adinda okha, ankhoswe asaine ngati mboni. Muwonjezerepo chithunzi cha mtchatho wa ukwati wanu ndi chiphaso cha kubadwa cha Faith. Koma musanapite kukasindikiza, Dickson afunse kuofesi kuja ngati kalata yotere ikukwanira, kuti musakwere njinga kawiri.

Za msonkho, ine si katswiri, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Kwina amawerenga masiku amene munthu wakhala m'dzikomo, kwina amayang'ananso kumene kuli nyumba ndi banja lake, ndipo si nthawi zonse pamene mtundu wa viza umatha nkhani pawokha. Choncho musamvere za mnzake amene anapita dziko lina. Dickson afunse kwa a misonkho a kumeneko, kapena kwa amene amathandiza antchito obwera, ndipo apemphe kuti yankho amulembere. Ngati masiku achepa, apemphe kuti amuwonjezere nthawi mwezi usanathe, osati utatha. Za kabaza ndi kachewere asabise ngati fomu ikufunsa. Kutchula chinthu sikutanthauza kuti basi achidula msonkho, koma kubisa kumabala mlandu. Asunge mapepala onse a malipiro, kontirakiti ndi matikiti a ndege. Inunso mukapita ku Blantyre mukafunse ku ofesi ya misonkho ya kwathu kuno ngati pali chimene ayenera kuchita pa zimene akupeza kunjako. Ndipo anthu amene amabwera pa foni n'kumati tikukonzerani mapepala onse mutangotipatsa kangachepe, muwatsekere kunja.

Tsopano chovuta chenicheni. Pitani mukagwade kwa mayi anu muwauze kuti munawajambula mobisa. Akukalipirani, ndipo muyenera kukalipiridwa. Mawu amene mayi amalankhula ndi mwana wake pakhonde si onyamula kupita nawo kwa mkamwini. Makolo sanali opusa poika munthu pakati pa apongozi. Ntchito ya munthu wapakatiyo ndi kupeta mawu, mankhusu atsale, ndipo inu munatumiza mankhusu okhaokha. Akatha kukalipa muwatsegulire amve uthenga umene Dickson anamva, kenako muwawerengere yankho lake lonse, osadumpha pamene akunena za anzake osabwerera. Mayi amene amadera nkhawa za juzi ya mkamwini wawo sakhala chete akamva zimenezo.

Bala limeneli silipola ndi kufotokoza kwanu. Mwayesa kale ndipo mwamva yankho. Dickson anavulazidwa ndi mawu a apongozi ake, ndipo ndi mawu omwewo amene angamuchize. Safunika kuonana nkhope. Apatseni foni m'manja mwawo akudziwa kuti ikujambula, muwasonyeze podina, inu muchokepo mupite kukatunga madzi. Alankhule okha monga akufunira. Mukabwera mumvetsere kuyambira poyamba mpaka pomaliza musanakwere pa chulu.

Nkhani yoti thukuta la Dickson pa nyumba ija lili pati ndi yeniyeni, ndipo ndi bwino idzakambidwe. Koma imeneyo ndi ya pa mkeka, iye atabwera, ankhoswe alipo. Musaikambe pa foni munthu ali wotopa ndi kuzizira m'dziko la eni.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti kalata ithe kaye. Yambani ndi mayi anu lero lomwe. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyankha makalata pano, ndaona kuti ambiri amene amatchona sakhala kuti apeza chuma kunjako. Amakhala kuti tsiku lina anamva mumtima kuti kumudzi palibe akuwayembekezera, ndipo palibe amene anafulumira kuwatsutsa. Dickson wakhala akumva zimenezo kwa masiku angapo tsopano. Asagone nazo sabata ina.

Aphungu