Ndinanamizira Mphika wa Mpongozi

Aphungu,

Lero ndi Lachiwiri, teni koloko m'mawa, ndakhala m'mphepete mwa bedi ndi bolopeni yobwereka. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, ndiye zilembo zikamayenda ngati nkhuku yoledzera, pirirani. Pakamwa pokha ndiye ndinamaliza makalasi onse, ndipo ndi pomwe pandigwetsa.

Chaka chatha mwana wanga, amene ndi makaniko, anakanditenga komwe ndinkakhala ndekha n'kundipatsa chipinda m'nyumba mwake. Kwanga ndinkadya kamodzi, kawiri ndikakumbukira. Kuno mpongozi wanga, telala wosoka madiresi pakhonde, amadyetsa anthu ngati akufuna akawagulitse pa sikelo. M'mawa tiyi, buledi ndi dzira, masana mbale yodzaza, madzulo inanso. Chibwerereni, ndikangoika supuni pansi m'mimba mumayamba kulira, ndipo mphindi khumi zisanathe ndili kuchimbudzi. Chimbudzicho chili kumapeto kwa kolido, ndiye nyumba yonse imamva masilipasi anga akuthamanga. Adzukulu anafika pomauzana kuti, "Agogo anyamuka, patukani."

Mlanduwo ndinauweruza ndekha: chalowa pompano, chatuluka pompano, wolakwa ndi wophika. Lamlungu lina tili patebulo, alongo ake a mpongoziyo alipo, ndinaimirira n'kunena kuti, "Mkazi iwe, chakudya chako ndi basi yosaima pasiteji. Kodi amayi ako anakuphunzitsa kuphika kapena kutsuka anthu m'matumbo?" Ndinkayembekeza kuti aseka, paja ine ndikalankhula anthu amagwira nthiti. Palibe anaseka. Mpongozi anangoti, "Pepani amayi, kuyambira mawa muzidziphikira momwe mumakondera." M'mawa mwake ndinapeza kapoto ndi mbaula pakhomo la chipinda changa, kapotoko kotsukidwa mpaka kumadziwonerapo nkhope.

Aphungu, ndaphika ndekha masabata atatu. Mpunga wanga, nyemba zanga, mchere woyeza ndi dzanja langa lomweli. Ndipo kuti aone kuti sindikuvutika, ndimadzaza mbale kuposa momwe ankadzazira iye. Basi ija sinasiye ulendo wake. Chasintha n'choti tsopano ndimavula masilipasi n'kuyenda monyang'ama ngati mbala m'nyumba ya mwana wanga yemwe. Dzulo ndinakumana ndi mpongozi pakolido, ine phazi limodzi lili m'mwamba. Anandiyang'ana kumapazi, n'kundipatukira. Bola akananditukwana, ndikanadziwa choyankha.

Tsono mwana wanga wandiuza kuti mwezi uno ukatha mkazi wake atenga makina ake ndi ana kukakhala kwa alongo ake aja. Akuti sangakhale ndi munthu amene amamuyesa wothira anthu mankhwala m'chakudya. Ndinati, "Mawu amenewo sindinanene." Iye anati, "Amayi, inu simunena mawu, mumaponya." Ndinamulera ndekha ameneyu, lero akundiphunzitsa kulankhula.

Ndiye ndithandizeni. Kodi m'mimbamu muli njoka yokankha chakudya? Alipo mankhwala oimitsa basiyi ndisanaululike, kuti ndizinena kuti mphika wanga ndiwo wandichiritsa? Adzukulu anga sindikufuna achoke, ngakhale amandiseka. Koma kupepesa kwa mpongozi, mwana woti ndinamuona akubwera ndi sutikesi imodzi, khosi langa likukana.

Gogo E.M., chipinda choyang'anana ndi khitchini

Agogo,

Mankhwala obisira mlandu ndilibe, ndipo mwaululika kale. Munthu sayang'ana mapazi a apongozi ake pachabe.

Chimene mumathamanga nacho si chimene mwangodya kumene. Chakudya chimakhala m'chifu maola angapo chikusakanizidwa ndi timadzi togaya. Kenako chimalowa pang'onopang'ono m'matumbo aang'ono, momwe thupi limayamwa zofunika. Zotsala zimapita m'matumbo aakulu, ndipo mmenemo zimatha tsiku, mwina awiri, madzi akuchotsedwamo. Chifu chikadzaza n'kutanuka, mitsempha ndi timadzi tina ta m'thupi zimatumiza uthenga kumunsi kuti kukubwera alendo, malo akonzedwe. Matumbo aakulu amafinya, inu n'kunyamuka. Basi imaima ndithu, agogo. Otsikawo ndi amene anakwera dzulo kapena dzana. Zimenezi zimachitikira aliyense, ena pang'ono, ena kwambiri, makamaka m'mawa ndiponso munthu akadya zambiri kapena zamafuta. Kulirako si njoka, ndi mpweya ndi madzi zikukankhidwa m'matumbo.

Thupi lanu linazolowera kambale kamodzi, lero likulandira mbale zitatu zodzaza. Siyani mpikisano wodzaza mbalewo. Idyani pang'ono kangapo pa tsiku, tafunani mofatsa ndi mano amene atsalawo, ndipo tiyi asamakhale wakuda kwambiri. Musagule mankhwala oimitsa m'mimba mwa inu nokha. Popeza kusinthaku kwabwera pa msinkhu wanu, pitani kuchipatala sabata ino akakuyezeni, ndipo mukawauze zonse monga mwandiuzira ine. Mukaona magazi, chimbudzi chakuda bii kapena chamadzimadzi masiku angapo, kuonda, ngakhale kupweteka kosaleka, musadikire n'komwe.

Za mpongozi wanu ndisakunamizeni. Mlandu wake unali wokudyetsani mokwanira, basi. Munamunyoza patebulo anthu akuona, ndiye kupepesa konong'ona pakolido sikukwana. Itanitsani alongo ake, mukhale patebulo lomwelo, munene kuti munalakwa, osathirako nthabwala. Mukathira nthabwala mudzabwerera pomwe munayambira, ndipo mwezi watsala masiku owerengeka.

Ngati khosi likana kutulutsa mawu oyamba, pepala lino musayatsire moto. Mupatseni mpongozi wanu awerenge yekha, inu mutaima pomwepo.