Ndabisa yankho la sukulu ya ku Quito

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16. Nkhaniyi sindinauzepo munthu, chifukwa amene ndikanawauza ndi omwe ndikuwanamizawo.

Kwathu ndi ku Brazil, koma ndimangopitako pa Khirisimasi kukatsinidwa masaya ndi azakhali. Bambo anga amagwira ntchito ku kampani ya ndege zonyamula katundu, ndiye moyo wathu ndi wosamukasamuka. Tinakhala mumzinda wa Quito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuno ku Panama tatha zaka ziwiri. Tsopano kampani yati asankhe okha: kukhalabe kuno zaka zina zitatu kapena kubwerera ku Quito. Yankho likufunika Lachisanu la sabata yamawa.

Pakhomo pathu tikafuna kusamuka, bambo amamata chipepala pa chitseko cha firiji n'kudula mzere pakati, mzinda wina uku, wina uku. Pansi pake timalemba za nyumba, chipatala, misewu ndi sukulu. Ulendo uno cholembera anapatsa ine. "Akulu, mwakula tsopano," anatero. "Chingerezi inu mumachita kumwa, ife chimatitsamwa. Lemberani masukulu a ana a alendowa, mumve zonse, mudzatiuze." Anatinso zaka ziwiri zomaliza za sukulu sadumphadumpha nazo, komwe ndikayambire n'komwe ndikamalizire.

Aphungu, ine mtima wanga unatsala ku Quito. Mmawa kumazizira mpaka mpweya wa m'kamwa kuoneka, ndipo kuseri kwa bwalo la mpira kuli phiri la Pichincha, tsiku lina lili poyera, tsiku lina lafunda mitambo. Pageti panali mlonda, a Segundo, amene tsiku lililonse ankandilonjera chimodzimodzi: "Mbrazil wanji iwe wosatha mpira? Akulande pasipoti!" Kunja kwa mpanda a Rosaura ankagulitsa chimanga chokazinga m'timapepala, ndipo ine ankandiwonjezera, ati ndinali wowonda ngati tsache.

Tinalipo anayi: ine, Pieter, Min-jae ndi Anahí. Tinkadzitcha Masutikesi, poti tonse makolo ankangotinyamula. Nthawi yopuma tinkakhala pakhoma la kuseri kwa laibulale, miyendo ili lendelende, n'kumapatsa aphunzitsi mayina. Sindinali wolankhula ngakhale kumeneko, koma ndikakhala chete panali anthu okhala nawo chete.

M'masukulu athuwa, tsiku lako lomaliza umavala malaya oyera ndipo aliyense amalembapo dzina lake. Anga ali ndi mayina mpaka m'khwapa. Kumsana Pieter analemba kuti, "Usasochere pabwalo la ndege, Sutikesi." Sindinawachapepo. Anzangawo timalemberanabe mwa apo ndi apo. Min-jae amatumiza zithunzi za chipale chofewa cha ku Seoul, Pieter amadandaula za mvula ya ku Rotterdam, Anahí ku Toronto wayamba kuyankha mochedwa.

Kuno ku Panama kumatentha ngati m'kamwa mwa galu. Umachoka m'nyumba yozizira ndi makina, kulowa m'galimoto yozizira, kukatsikira m'kalasi yozizira. Nthawi yopuma ndimakwera ku chipinda chapamwamba n'kumayang'ana sitima zapamadzi zimene zikudikira kulowa m'ngalande yaikulu ya kuno yolumikiza nyanja ziwiri. Anyamata amanditcha Mzukwa. "Eti Mzukwa, sitima zako zafika bwino?" Sachita mwankhanza kwenikweni. Ine ndimangomwetulira.

Vuto ndi ili. Ndili ndi mlongo wanga, Tainá, wa zaka zisanu ndi zitatu. Zilembo zimamusokonekera m'maso, ndipo mpaka chaka chatha sankatha kuwerenga. Pasukulu yathu kuno pali mphunzitsi, mayi Quintero, amene amakhala naye yekha katatu pa sabata. Mwezi wa Malichi tili m'galimoto, Tainá anangowerenga mokweza chikwangwani cha sitolo ya nsapato. Amayi anaimika galimoto pambali n'kuyamba kulira, ena akutiimbira mahutala.

Nditalembera sukulu yanga yakale ya ku Quito, anayankha kuti malo alipo a tonse awiri, koma mphunzitsi wothandiza ana ngati Tainá anachoka, ndipo sakudziwa kuti wina adzapezeka liti. Pa firiji ndinalemba theka loyamba lokha: "Quito, malo alipo a tonse awiri." Kumbali ya Panama ndinadzaza kutentha, kuthithikana kwa magalimoto ndi udzudzu. Bambo atawerenga anaomba m'manja. "Ndiye Quito wagoletsa zigoli zambiri, tiyambe kufunafuna makatoni!" Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Za mlongo wako unafunsa?" Ndinati, "Ndinafunsa. Akuti palibe vuto."

Lamlungu masana Tainá anandipeza nditayala malaya aja pabedi. Anayamba kutsata mayina ndi chala. "Pi-e-ter. Ameneyu amalemba ngati nkhuku, achimwene." Kenako anati, "Tikamachoka nanenso andilembera, eti? A Quintero alembe apa, pamtima. Koma alembe zilembo zikuluzikulu, kuti ndikakaiwala kuwerenga ndizikathabe dzina lawo."

Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikutsika. Ndikaulula, Quito wapita, ndipo bambo sadzandipatsanso cholembera. Ndikakhala chete, mwina kumeneko mphunzitsi wina adzapezeka msanga. Kodi n'kulakwa kufuna kubwerera kumene unali munthu? Ndithandizeni.

D. F. M.,
Panama

Wokondedwa D. F. M.,

Kufuna kubwerera si kulakwa. Kubisa kalata ija ndiye kulakwa, ndipo iwe ukudziwa, n'chifukwa chake chakudya chikukukanika. Uli ndi maso akuthwa, mwanawe. Tiye tiwatembenuzire pa kalata yako yomwe.

Wanditchulira anzako atatu. Wina ali ku Seoul, wina ku Rotterdam, wina ku Toronto. Amene akukulembera kuchokera ku Quito ndi ndani? Tenga malaya akowo, uike kadontho pa dzina lililonse la munthu amene ukutsimikiza kuti akadali pasukulupo. Sindikuganiza kuti inki ikuthera. Phiri ulipeza, mwina ndi a Segundo omwe, ndipo adzakunyozanso za mpira mpaka udzasangalale. Koma pakhoma paja pakhala ana ena tsopano, ali ndi mayina awo opatsa aphunzitsi. Chimene ukulira si mzinda wokha ayi, ndi zaka zija, ndipo kumeneko ndege ya bambo ako sitera.

Tsono chita izi. Usadikire Lachisanu lija. Lero lomwe sindikiza yankho lonse la sukuluyo ulipereke kwa amayi ako. Yamba ndi iwo, chifukwa mmene anakuyang'anira muja, akudziwa kale kuti penapake pavunda. Mawu ake ndi ochepa: "Ndinanama. Ndinkafuna kubwerera." Usawonjezere zodzikometsera. Bambo ako akwiya, ndipo akuyenera kukwiya. Koma mkwiyo wa sabata ino ndi wopepuka poyerekeza ndi wa tsiku limene angadzamve zoona ali mu ofesi ya ahedi ku Quito, makatoni atamasulidwa kale.

Ukatero, ubwerere pa firiji paja ndi cholembera chako, ukonze zimene unapotoza. Kenako ulembe chimene wandiuza ine koma iwo sunawauze: kuti zaka ziwiri zatha ukungoyang'ana sitima wekha nthawi yopuma, ndipo anzako amakutcha Mzukwa. Zimenezo n'zoyenera kukhala papepalapo mofanana ndi chipatala ndi misewu. Makolo ako akuyesa kuti ndiwe wofatsa chabe. Sangayeze katundu amene sunawaikire pa sikelo.

Usathamangire kunena kuti Quito wapita. Ku Quito sukulu si imodzi. Ukhale pansi ndi amayi ako mulembere zina, mufunse mosapita m'mbali: mphunzitsi wotere alipo, dzina lake ndani, amakhala ndi mwana kangati pa sabata? Mufunsenso mayi Quintero kuti Tainá wafika pati, ndipo kusintha panopa kungamubweze m'mbuyo bwanji. Akapezeka woti n'kumulandira bwino, Quito apambana mwachilungamo ndipo udzakwera ndege mutu uli m'mwamba. Akapanda kupezeka, upemphe ulendo wa sabata imodzi pa tchuthi, ukadye chimanga cha a Rosaura, ukaone wekha zimene zatsala.

Mukakhala ku Panama, ndili ndi kantchito kena ka iwe. Mnyamata akadzakufunsanso za sitima zako, umuyankhe. Umuuze kuti yaikulu ija yagona panja masiku atatu. Munthu amene amakuseka tsiku ndi tsiku nthawi zina amakhala akugogoda. A Segundo ankatani kodi?

Chenjezo langa ndi ili: usadzinamize kuti "mwina mphunzitsi adzapezeka." Mawu akuti mwina ndi okoma pamene wolipira ndi wina. Iwe zaka ziwiri zikatha udzanyamuka kupita ku yunivesite, Tainá adzatsala ndi zilembo zake. Ukudziwa kulemera kwa malaya olembedwa mayina kuposa wina aliyense m'nyumbamo. Mlongo wako wasankha kale pomwe dzina la mphunzitsi wake lidzalembedwe. Tsiku lovala malaya oyera lidzamufikira ndithu, poti nanunso ndinu Masutikesi. Koma asawavale chifukwa cha bodza lako.

Aphungu