Tsamba Limene Ndinasuta

Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji kumeneko, ngati kumeneko anthu amadzuka? Abusa amati mukugona, koma ine amene ndimakudziwani sindikhulupirira kuti mwatha zaka ziwiri muli chigonere, inu amene munkati tulo ta masana ndi matenda. Nanga bambo munawapeza? Anakuzindikirani msanga ndi imvi zija munamera iwo atapita?

Kuno tilipo. Zisankho zija munkazifunsa muli pamphasa zinachitika, boma linasintha. Pamsika wa Chisepo munthu akulowa osaonetsa khadi la chipani. Lanu ndinalipeza m'kathumba kanu ka singano, ndipo sindikudziwa ngati ndilitaye kapena ndilisunge. Atsibweni ndi alamu anga, amuna a Jesi, anasiya kupatsana moni chifukwa cha zipani, komabe nkhwangwa akubwerekana kudzera mwa Jesi yemweyo. Sukulu tsopano ndi yaulere, ndiye anandilemba uphunzitsi ndi satifiketi ija munkati ntchito yake ndi kukongoletsa sutukesi. Ndikuphunzitsa pansi pa mkuyu. Ana ndi ochuluka moti akumbuyo ndimangowadziwa ndi chifuwa.

Mvula chaka chino yatinyenga. Inagwa kuti tidzale, kenako inakakhala kuseri kwa mapiri a Ntchisi n'kumangotionetsa mitambo. Munda wa kuchitunda tatolamo madengu ochepa, fodya anapsa asanatambasule masamba. Nkhokwe yanu ukaigogoda ikulira ngati ng'oma. Dimba lanu ndilo likutigwira dzanja.

Koma chondilembetsa kalatayi si mvula. Tikumanga chiliza chanu. Simenti tinatenga m'sitolo ya Asilamu aja a pa Madisi kumene munkagula mchere, ndipo mayi wa m'sitolomo atamva kuti ndi yanu anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Mmisiri akuti adzalemba ndi msomali simenti ikadali yaiwisi, choncho mawu akhale okonzeratu, chifukwa ikauma palibe kufufuta. Pa za mawuwo panalibe wotsutsa. Jesi, atsibweni, amayi a kutchalitchi, onse anatchula omwe aja munkawanena paliponse:

"Pokwera phiri ndidzakhala pambuyo pako, potsika ndidzakhala patsogolo pako, kuti ukaterereka ugwere pa Ine."

Mmisiri anagwedeza mutu nati, "Abwino zedi. Nanga buku, mutu ndi ndime? Pansi pake timalembapo." Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkakuwerengerani Baibulo. Ndinati ndaiwala.

A Kamphinda, mkulu wa mpingo uja, amuna a mnzanu aNangondo, anati ntchitoyo aisenza okha. Patatha sabata ziwiri tinakumana pamjigo. "Aphunzitsi," anatero, "Masalimo ndawamaliza kawiri, mulibe. Panopa ndili kwa Yeremiya, ndipo amene akulira kwambiri pakati pa iye ndi maso angawa sindikumudziwa." Sabata yachitatu anapalasa njinga mpaka kumishoni ya Madisi, poti anamva kuti Baibulo la kumeneko ndi lonenepa kuposa lathu. Anabwerako akukankha njinga, tayala litaphulika. "Nawonso alibe," anandiuza akupukuta thukuta, "koma mphunzitsi wa katekisimu wawakonda, wawalemba pakapepala."

Amayi, ngati kumeneko kuli pokhala, khalani pansi. Mawu amenewo m'Baibulo mulibe.

Mukukumbukira tchuthi chija ndili Fomu 2, tikusoka fodya m'chigafa? Ndi pamene ndinaphunzira kusuta chingambwe. Pepala la nyuzi linkatsamwitsa, ndipo anzanga ankati ndudu yokoma imafuna pepala lopyapyala. Pakhomo pathu pepala lotere linali m'buku limodzi lokha. Inu muli kudimba ndinatenga Baibulo lanu, ndipo linatseguka lokha pamene munkaika khoko la chimanga losonyeza salimo lanu la pamtima. Ndinang'amba tsamba lomwelo. Linakwana ndudu zitatu.

Sabata yomweyo ngolo inagubuduka ndi bambo pachitunda cha kuchigayo. Munawagoneka m'chipatala ku Madisi, n'kubwera masana kudzatenga ufa ndi bulangeti. Munakhala pakhonde fumbi lili mpaka m'mawondo, n'kundiponyera buku m'manja. "Fanuwelo, tandiwerengera pamene pali khoko, ndipeze mphamvu zobwerera." Nditatsegula ndinangopeza kam'mphepete kotsala, kooneka ngati mano a sowo. Salimolo sindinkalidziwa pamtima, chifukwa ndinkakuwerengerani ngati wailesi, pakamwa pokha, maganizo ali kubwalo la mpira.

Ndinakweza maso, ndipo patsogolo panga panali chitunda chomwecho. Ndinakumbukira mmene munkayendera nafe ine ndi Jesi popita kuchigayo nthawi ya dzinja, dothi lofiira lija likuterera ngati sopo. Pokwera munkatitsogoza, potsika munkatsogola ndinu, dengu lili pamutu. Ndiye ndinayendetsa chala patsamba lina n'kunena zimenezo, ndikukometsa mawu ngati abusa. Nditamaliza munati, "Bwerezanso." Ndinabwereza katatu. Munati, "Ili bwanji sindinalimvepo?" Ndinayankha kuti ndi ndime ya m'munsi, imene ndinkaidumpha masiku onse.

Bambo sanatuluke m'chipatala muja. Pamaliro awo munanena mawu amenewa. Munawanena kwa aliyense wodwala kuyambira kwathu mpaka ku Chezi. Tsiku lanu lomaliza munandiuza kuti ndikuwerengereni omwewo, ndipo ine, munthu wa ndevu, ndinatsegulanso buku n'kuyendetsa chala patsamba lolakwika.

Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikudzifunsa. Mutafika kumeneko, kodi munawanena pamaso pa Mwini wake? Anakuyang'anani bwanji? Sanafunse kuti, "Mayi, zimenezi ndinanena liti?" Kodi kumeneko kuli amene amasunga masamba onse, ngakhale opsa? Ndipo munthu akafa atatsamira pa mawu amene Mulungu sananene, amagwera kuti?

Tsopano imvani chimene chinandisokoneza koposa. Mpongozi wanu Esinati anali woyembekezera, ndipo nthawi yake inakwana mwezi wa njala. Mwana anakhala mopingasa, azamba anati tithamangire ku Madisi. Mvula yokhayo yamphamvu ya chaka chino inasankha m'mawa womwewo. Tinamugoneka m'ngolo ya atsibweni, ndipo njira ndi imodzi, ya pachitunda chija. Ng'ombe zinayamba kusesereka, goli likulira, Esinati akuitana dzina lanu. Ine ndili ndi ndime zambiri m'mutu, zina ndinalandira nazo mphotho ku Sande sukulu, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inabwera. Ndinangodzipeza ndili patsogolo pa ng'ombe, ndagwira nyanga, ndikutsika chafutambuyo m'matope, pakamwa pakutuluka bodza langa lija. Ndipo mantha anachoka, Amayi. Anachokeratu. Ndinamva msana wanga ngati uli ndi poyedzamira. Tinafika. Anabadwa wamkazi, ali ndi chipumi chanu, ndipo tamutcha Nelesi, dzina lanu. Akuyamwa ngati wamva kuti kunja kuli njala.

Kuyambira pamenepo mawuwo ndakhala ndikuwanena ndikayang'ana m'nkhokwe, ndikamva mwana akutsokomola, ndikaona maliro a achinyamata akuchuluka m'midzi muno. Amandigwira. Koma chikumbumtima chinkandifunsa kuti munthu angatsamire bwanji pa ndodo imene anaisema yekha ndi mpeni wakuba.

Lachinayi lapitali ndinamva kuti a Kamphinda akufuna kuyambiranso ku Genesis. Ndinati ayi, nkhalamba ingachite khungu chifukwa cha ine. Ndinawapeza pakhonde buku lili pamwendo, aNangondo ali pambali akusankha nyemba. Ndinakhala pansi, chipewa m'manja, n'kunena zonse, ndi ndudu zitatu zomwe.

ANangondo anaseka mpaka nyemba zinatayika m'lichero. "Iwe Fanuwelo, amayi ako zilembo sankazidziwa, koma chala anali nacho, mphunonso anali nayo. Tsiku lomwelo anakhudza pong'ambikapo. Ndinawaperekeza ine kuchipatala, ndipo tikutsika chitunda anandiuza kuti, 'Mwana wanga wasuta salimo langa, koma Ambuye andibwezera kudzera pakamwa pomwepo ponunkha fodya.'"

A Kamphinda anavula magalasi. "Ndiye inu mumadziwa? Ine n'kupita mpaka ku Madisi, tayala n'kuphulika?"

"Ndinakusiyani dala," anatero aNangondo. "Zaka zonsezi muli mkulu wa mpingo, Yeremiya munali musanamuonepo nkhope."

Ndinafunsa chifukwa chimene simunandidzudzulire. Apa aNangondo anasiya kuseka. Anati munkaopa kuti mukandikalipira ndidzachita manyazi n'kusiyiratu kugwira bukulo. Anati munkadikira kuti ndidzanene ndekha, ndipo munkati ndikadzanena mudzangondikoka khutu kamodzi, nkhani n'kutha. Ngakhale tsiku lomaliza lija, akuti, munkadikirabe.

Amayi, ndinalira pakhonde la eni ake, dzuwa lili pamutu, anthu akudutsa. Ine ndinkayesa kuti ndikukusungirani mtima, pamene inu ndinu munkandisungira khomo lotsegula.

A Kamphinda anagamula ngati mkulu wa mpingo. Anati mawuwo si onama, koma si Malemba, ndipo palibe amene adzalembe mutu ndi ndime pansi pake iwo ali moyo. Anandipatsa ntchito zitatu: kukopera ndi dzanja langa tsamba limene ndinaba n'kulibwezera m'buku lanu, kukauza mphunzitsi wa katekisimu uja zoona kapepala kake kasanafike paguwa, ndi kumata tayala lawo. Ziwiri ndachita. Ya ku Madisi ndipita mawa.

Pokopera tsambalo ndinaliwerenga koyamba ndi mutu wanga wonse. Kodi mukudziwa kuti nalonso likunena za mapiri, ndi za phazi limene sililoledwa kuterereka? Ndinaika pensulo pansi. Tsono ndiuzeni, inu amene tsopano mukuona zinthu bwino: mawu aja ndinawapeka ine? Kapena anandikakamira m'khutu masiku aja ndinkawerenga ngati wailesi? Kapena ndinawaona pa inu m'njira ya kuchigayo, inu mutawatenga m'salimo lomwelo n'kuwasandutsa mayendedwe? Kapena analowa ndi utsi? Mukapeza mpata mundifunsireko. Ine kuno ndangogwira chimodzi: amene anayankha mkazi wosadziwa kuwerenga kudzera mwa mwana wakuba sangatisiye chaka chino chifukwa nkhokwe yapepuka.

Simenti tithira Loweruka. Mawu anu alembedwa monga munkawanenera, ndipo pamalo pa mutu ndi ndime mmisiri alemba kuti, "Umu ndi mmene ankayendera ndi ana ake." Ndikukulonjezani kuti ndidzaimirira pamaso pa onse, atsibweni ndi alamu atakhala benchi limodzi afune asafune, n'kunena kumene mawuwo anachokera. Kenako ndidzatsegula pamene pali khoko lanu n'kukuwerengerani salimo lenilenilo, lonse, osadumpha. Nelesi akadzayamba kuyenda, pachitunda ndidzadziwa poima.

Mupereke moni kwa bambo. Khutu lakumanzere lija munkakonda kukoka ndakusungirani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuwelo