Ndimu ya miyendo inayi

Karonga
9 November 2003

Okondedwa achimwene a Gregorio,

Moni kuchokera kuno kumpoto. Kodi mukudzuka bwanji ku Milepa? Nanga amayi, chifuwa chija chachepako? A Shabani atabwera kudzagula mpunga anandiuza kuti anawaona kuchipatala cha mishoni ataonda kwambiri. Inu osandilembera, mpaka ndizimvera kwa anthu a geni? Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga uli m'malere.

Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa kuno kwandifooketsa. Ntchito ya uphunzitsi ikuyenda mokankha.

Sabata yatha ndimaphunzitsa Folomu 3 za metheni, mpweya uja umatuluka m'ndowe zikamaola. Kamakhala katomu kamodzi ka kaboni pakati, katagwira tinayi ta haidirojeni. Pabolodi timajambula mizere iwiri wamba, wina wonenepa kusonyeza kuti ukuloza kwa woonayo, wina wodukizadukiza kuti ukulowa kuseri kwa bolodi. Ana anangoseka, amvekere madamu ajambula mtanda wopindika. Zinandipsetsa mtima.

M'mawa mwake ndinagula ndimu, n'kuibaya ndi masipoko anayi a njinga. Inaima pathebulo ndi miyendo itatu, wachinayi utaloza kudenga. Ungaitembenuze bwanji, imaimabe chimodzimodzi. Apo ndiye ana aja anamva.

Kenaka mtsikana wina anafunsa chifukwa chake miyendoyo imatalikirana chonchi. Ndinati imakankhana, uliwonse umathawa unzake mpaka pomwe ungathere, chimaigwira ndi chapakaticho basi. Iye anafunsanso kuti nanga chapakaticho chitachoka? Achimwene, choko chinandigwa m'manja. Ndinawatulutsa anawo m'kalasi nthawi isanakwane.

Ife tilipo anayi. Inu kumudzi, Denis ku Joni, Madalo ku Lilongwe, ine kuno. Chikanganirane za dimba lija pamaliro a abambo, sitinakhalenso pamphasa imodzi. Aliyense amalembera amayi payekha, ngati anabereka mwana mmodzi. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma lathuli ndikuliopera.

Pempho langa ndi limodzi. Mulembereni Denis kuti abwere pa Khirisimasi. Ndikudziwa munena kuti wamng'ono ndiye ayambe, ine khalidwe lanu ndimalidziwa. Koma mutu wake ndi wouma ngati wanu, ndipo amayi sangadikire kuti wina afewe. Za dimba musazitchule. Madalo ndithana naye ndekha, ndipo sukulu tikangotsekera ine ndikwera basi.

Ndimu ija ikadali pawindo. Yayamba kufota, ndipo dzulo sipoko imodzi inagwa yokha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndawasungira mpunga wonunkhira. Moninso kwa alamu anga a Esnat, amalume a Stefano ndi ana onse. Musachedwe kuyankha, chonde.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Bibiana