Mankhwala a mbewa, mutu wa adadi

Lolemba, 6 Meyi

Ayi, sindinanene kuti amachiritsa! Ndikulemba pano kuti mawa ndisadzayambe kudzikayikira ndekha. Ine ndinangoti kulabu ya kafukufuku kusukulu tikubaya mbewa minosaikilini, antibayotiki wamba yemwe ena amamwera ziphuphu, kuti tione ngati angaziziritse maikulogiliya. Timaselo tolondera ubongo timeneti, tikalusa timatupitsa malo onse. Ndinafotokoza ndi manja omwe patebulo, supuni ili m'mwamba, kutengeka ngati mwana. Pakamwa pangapa! Amayi anangotolapo mawu awiri basi: ubongo, mankhwala.

Lero ndapeza paketi ya makapisozi pamwamba pa mashini osokera a adadi. Achimwene ndi amene anagula kufamase, opanda ndi kalata ya dokotala yomwe. Ati anayamba kuwamwetsa adadi Lachisanu.

Adadi anayamba kuiwalaiwala chaka chatha. Telala wa zaka zonse zija, pano amangogwira ulusi n'kumauyang'ana.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndawatsekereza achimwene pakhomo asanapite kuntchito. Ati, "Mbewa zizilandira mankhwala, bambo ako ayi? Sukuluyi yakuzunguza mutu iwe."

Ndati mbewazo timayamba tazidwalitsa dala, pomaliza timazipha n'kudula ubongo wake tizidutswa topyapyala kuposa pepala. Si chipatala chija. Tikufunsa funso chabe.

"Chabwino. Zikuchira kapena ayi?"

Ndati sindikudziwa. Ndipo ndi zoona! Madamu, bwana wathu wa kafukufuku, ndi okhawo akudziwa kuti mbewa iti inabayidwa mankhwala, iti madzi amchere chabe. Ine ndimangoona manambala pa tigalasi toikapo tizidutswa tija, kuti maso anga asakondere mbali. Achimwene aseka mpaka kugwira chitseko. "Ndiye kumeneko umakatani? Umakasesa?"

Lachinayi, 9 Meyi

Tsiku lonse pa maikulosikopu, msana kuwawa. Tikakhala phee timaseloti timatambasula nthambi ngati mtengo woyoyoka masamba, tikalusa timadzikunga ngati chibakera. Kale ndinkakuwa ndikaona zimenezi, mpaka anzanga ankati ndichepetse phokoso. Lero ndimangoganiza kuti m'mutu mwa adadi muli zibakera zingati.

Ndalimba mtima ndawauza Madamu za adadi. Avula magalasi. "Asiye lero lomwe. Mankhwala amenewa amachititsa chizungulire, ndiye kwa munthu wamkulu n'zoopsa. Komanso iwe, za mulabu si zocheza pachakudya."

Zikomo Madamu. Ngati sindikudziwa. Mubwere mudzawauze nokha amayi.

Ndawauza. Amayiwo ati ndisawalalatire m'nyumba mwawo. Paketi ija yasowa pamashini, kaya aibisa kuti.

Loweruka, 11 Meyi

M'mawa adadi andiitana dzina langa. Lenileni, lonse, mmene ankandiitanira ndikaswa mbale. Amayi anangotaya tsache, "Wamva? Wamva iwe wosakhulupirira?" Aimbira foni abale onse. Ine ndinakadzitsekera kubafa n'kulira, chifukwa nanenso ndinafuna zikhale zoona. Ndinafunadi.

Masana anditcha achemwali awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Zimenezo palibe waimbira munthu foni.

Lamulungu, 12 Meyi

Adadi akusanza, akuyenda mogwira khoma. Achimwene ati mankhwala akutulutsa zoipa. Asa!

Lachiwiri, 14 Meyi

Adadi agwa kubafa. Pamwamba pa diso pang'ambika, magazi malaya onse. Kuchipatala awasoka, telala kusokedwa, iwo ali duu, kufunsa kuti tabwera kudzaona ndani.

Adokotala afunsa ngati pali mankhwala amene akumwa. Amayi atulutsa paketi ija m'chikwama monyadira zedi. Adokotala awerenga, nkhope kusintha. "Anakuuzani ndani kuti muziwapatsa zimenezi?"

Amayi andiloza ine. "Mwana wathuyu. Ndi amene amaphunzira za ubongo."

Adokotala andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Inu ongolawa sukulu ndi amene mumatipwetekera anthu. Mukanawapha bambo anu." Anamwino awiri kumbuyoko kumangogwedeza mitu. Ndinene kuti amayi anga akunama pamaso pa anthu? Achimwene, amene anagula okha ndi miyendo yawo, anali bize ndi foni. Bize kwambiri.

Ati mankhwala asiyidwe. Amayi ati, "Chabwino adokotala," ndi mawu aja amalankhulira akafuna kuti munthu awasiye.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndinadziwa. M'mawa ndawapeza amayi kukhitchini akutsegula kapisozi, akuthira ufa wachikasu uja mu tiyi wa adadi. Ati, "Ndi theka lokha." Theka lokha! Ndataya tiyiyo musinki, ndalanda paketi m'manja mwawo. Kulanda kwenikweni, mpaka chala chawo chinalira. Sindinawagwirepo amayi chonchi chibadwire.

Sanakuwe. Anangoti, "Tsiku limene bambo ako adzandifunse kuti ndine ndani, udzadziwe kuti ndi iwe."

Paketi ndakaiponya m'bini yotayamo mankhwala kulabu. Kenako ndakhala pa maikulosikopu, osaona kanthu.

Pobwera madzulo ndawapeza onse pabalaza, adadi ndi bandeji yawo akuwodzera. Amayi anadzuka, kupita kukhitchini, kubwera ndi tiyi pathireyi, m'kapu ya maluwa ija imatuluka kukabwera alendo okha. Anaika patsogolo panga ndi manja awiri.

"Imwani, adokotala."