Munda wa Alangizi Sunabzalidwe

Lachinayi, 26 Novembala 1959

Dzuwa laswa mtengo lero, ndipo mtima wanga ukuwawa. Chimanga chathu chatsopano chija chapserera chonse m'mizere.

Mwezi watha a Banda, alangizi a zaulimi, anati wayilesi yalengeza kuti mvula yakhazikika, tibzale msanga mbewu yawo yochokera ku Katete. Amayi anakana: "Mwanawe, ichi n'chizimalupsa, sabzalira." Ine ndi sukulu yangayi ndinawaseka, ndinawawerengera pepala la a Banda mpaka anagonja. Mbewu yathu yamakolo tinaisinja n'kudya.

Lero popita kudambo ndadzera kwa a Banda. Munda wawo sanabzale ngakhale phando limodzi! Akazi awo ndawapeza akutonola mbewu yamakolo, yakuda ndi utsi. Nditafunsa, angoseka: "Aa, achemwali, zija n'zakuntchito. Ife kuno timadikira mvula yeniyeni."

Zakuntchito! Ndiye njala yathu ndi ntchito yawo?

Amayi angotenga lichero kukapempha mbewu kwa amalume, mutu uli pansi. Bola akanandikalipira.

Lamulungu a Banda adzatambasula dzanja kuti andipatse moni pakhomo la tchalitchi. Langa lidzakhala m'nsalu.