Gitala Yopanda Bowo

Amayi anga, kodi kumene muliko muli bwanji?

Ndine Lameki wanu. Kuno tadzuka, koma sindinena kuti tili bwino, chifukwa inu bodza simunkalifuna ngakhale la pa moni. Dzinja lachiwiri latha chikuikireni m'manda, ndipo ndakhala ndikuzengereza kukulemberani. Nkhani ndinali nayo, koma dzanja linkalemera.

Ndiyambe ndi zopepuka. Chimanga chachita bwino kumunda wa kutsetse kuja, nkhokwe yadzaza. Fodya ndiye adamenyedwa ndi matalala, masamba adangosanduka sefa. Mbuzi yanu yamawanga ija idaswa ana awiri, mmodzi adapita ndi fisi. Denga la khitchini yanu lidagwa ndipo sindidalikonzebe, ulesi wanga mumaudziwa. Alamu anga a Nankhoma, akazi a achimwene a Gideoni, adachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Elinati. Chipumi ndi chanu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope monga munkachitira tikachedwa ku Sande sukulu. Bambo ake sadamuonebe, ndipo nkhani yomwe ndakulemberani ndi imeneyo.

Mukukumbukira matabwa a mlombwa omwe abambo adasunga kudenga zaka zonse zija? Ndi omwe ndidakhomera bokosi lanu. Padatsala thabwa limodzi lochindikala, ndidaliponya pansi pa benchi yanga yopalirapo matabwa. Achimwene atabwera kuchokera ku Kitwe kudzalira maliro anu, sadabwererenso. Adati atopa nako kukonza mawailesi a anthu m'dziko la eni. Tsiku lina adalisolola thabwa lija, adaligogoda ndi chala, nati, "Lameki, ili usapangire mpando. Tipange gitala yamagetsi, ngati zomwe amaimba a bandi ku migodi." Ine ndidaseka, poti magetsi m'mapiri muno tidawaona liti? Iwo adati mabatire a wailesi akwanira.

Idatitengera miyezi inayi. Ine zanga zidali za mtengo, zomwe ndidaphunzira ku Mvera: kucheka, kusema khosi lake, kupala mpaka thabwa lidasalala ngati tsaya la mwana. Timizere ta pakhosi tidadula masipoko a njinga, nsambo tidamasula waya wa buleki. Achimwene zawo zidali za mawaya. Adachotsa maginito m'sipika yakufa, adapombosola waya wopyapyala ngati tsitsi m'dayinamo ya njinga, nayamba kukulunga pa maginitopo uku akuwerenga chapansipansi. Munthu ukawalankhulitsa ankasokoneza chiwerengero n'kuyambiranso, akutukwana m'Chibemba. Kachipangizo kameneko ankakatcha khutu, ati ndi komwe kamamva nsambo n'kutumiza mawu ku wailesi. Wailesi yake ndi yanu ija, yomwe munkaifunditsa kansalu koluka kuopa fumbi. Mutikhululukire, tidaitsegula kumbuyo.

Amayi, miyezi imeneyo ndi yomwe ndidawadziwa achimwene. Adachoka pakhomo ine ndili mwana, ndipo ndinkawaopa ngati mlendo. Koma pa benchi paja tinkaseka mpaka akazi athu kutiiwala dala pa chakudya. Munkati chibale ndi fupa, sichiola. Ndidaziona ndi maso anga.

Tidamanga nsambo yomaliza Loweruka. Achimwene adati tisaionetse kaye anthu. Khutu lija limafunika kulikuta ndi pepala lonyezimira la m'mapaketi a ndudu, apo ayi limamva nsambo komanso chilichonse choyenda mumlengalenga. Koma ine ndinali nditadzitama kale ku tchalitchi, ngakhale kwa akulu a mpingo. Mukadakhalapo mukadanditsina khutu n'kundikumbutsa kuti kuthamanga sikufika. Lamulungu masana achimwene adapita ku Nachisaka kukatola mapaketi aja ku golosale, ndipo anthu atadzaza pabwalo, ine ndidatulutsa gitala n'kulumikiza mawaya ndekha. Ndinkadziwa bwino lomwe waya uti ulowa pati.

Idalira, Amayi. Thabwa lotsala pa bokosi lanu lidalira mpaka nkhuku zidabalalika, amayi anzanu adalulutira, ena adayamba kuvina ndi zovala za ku tchalitchi. Ndidaimba nyimbo yomwe munkaimba posoka fodya. Sindidakondwerepo chotero chibadwire. Kenako ndidachotsa dzanja pa nsambo kuti ndipukute thukuta, ndipo m'wailesi mudatuluka mawu a munthu wamwamuna, akulankhula chinenero chosakhala chathu, akumveka n'kumazimirira. Anthu adayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira kuti sadamange mbuzi. Atcheyamani a chipani a dera lathu adatsala, akuyang'anitsitsa mawaya aja.

Lachiwiri m'mawa idabwera galimoto ya apolisi. Nyengo yomwe mudatisiyayi siidasinthe, munthu usanalankhule umayamba wacheuka. Apolisiwo adati munthu yemwe adakhala kunja, komwe kudathawira zigawenga, wapanga makina olankhulira nazo. Amene adalumikiza mawaya pabwalo ndinali ine, mudzi wonse udaona, koma amene adakhala kunja adali achimwene. Adawatenga pamodzi ndi gitala ndi wailesi yanu. Alamu adathamangira galimoto ndi mimba yawo, atanyamula jekete la amuna awo, koma siidaime.

Patatha masabata awiri adandiitana. Malo ake sinditchula, ngakhale kwa inu. Ndidawapeza achimwene atakhala pansi pa simenti, opanda nsapato, mlomo utatupa, atagwira thalauza ndi dzanja poti lamba adawalanda. Pa tebulo padali gitala ndi wailesi, mabatire ali momwemo. Bwana yemwe adakhala kuseri kwa tebulo adati, "Mkulu wakoyu akuti iyi ndi gitala. Gitala ife timaidziwa, imakhala ndi mimba ndi bowo. Ili ndi thabwa la mawaya. Koma poti akulimbikira, lumikiza utiimbire."

Achimwene adadzutsa mutu, nati, "Lumikiza, Lameki. Ungogwira nsambo osachotsa dzanja, mawu aja sabwera."

Apa ndi pomwe dzanja lakhala likundilemerera. Ndidayang'ana mawaya aja, ndipo ndidaganiza kuti mawu aja akatulukanso m'chipinda chino, ine ndili ndi gitala m'manja, kunyumba sindibwerera. Ndidaganiza za ana anga atatu. Koma ndisanamizire ana, ndidadziganizira ndekha, ndidaona mlomo wa achimwene n'kumva ngati ndi wanga. Ndidati, "Bwana, ine ndine kalipentala chabe. Za mawaya sindizidziwa, amazidziwa ndi achimwene." Achimwene adapempha kuti alumikize okha. Bwana uja adaseka, nati, "Kuti uwaitane anzako?" Ndiye adandiuza kuti ndiimbe momwemo, ndipo ndidakhwatcha nsambo. Gitala yamagetsi yosalumikiza imalira ngati udzudzu. Onse m'chipindamo adafa nacho chiseko. Achimwene sadandikalipire, sadandiyang'anenso. Adangoweramira zala za kumapazi awo.

Wailesi adaisunga ngati umboni. Gitala adandiponyera pakhomo, ati tenga thabwa lako ukapangire mpando.

Tsopano yatha miyezi isanu. Alamu adapitako kawiri ndi chakudya, ulendo wachiwiri adauzidwa kuti munthu ameneyo kulibe, adasamutsidwa. Kuti, palibe akunena. Pakhomo pawo anthu akupalambalala ngati pali nthomba. Kuchitsime akafika, amayi omwe munkapemphera nawo amanyamula ndowa zosadzaza n'kumapita. Tsiku lochira padalibe wina koma mkazi wanga ndi azamba, omwenso adabwera modzera kuseri. Ine anthu amandipatsa moni bwinobwino, ena amandiyamikira kuti ndidachenjera. Kuyamikira kumeneko kumandiwawa kuposa kutukwanidwa. Munkati munthu wamantha amakalamba koma tulo sakhuta, ndipo ndinkayesa mukungotiopseza.

Thabwa lija ndidafuna kulisonkhezera pamoto, koma ndidalephera poti ndi mnzake wa matabwa omwe mwagonamo. Lidakhala m'chigafa mpaka fodya adatha. Mwezi wathawu, mwana atabadwa, alamu adandipatsa jekete la achimwene kuti ndizivala m'nyengo yozizirayi. M'thumba ndidapezamo mapepala onyezimira aja, opindidwa bwino, omwe adakatola ku Nachisaka tsiku lomwe ine ndinkadzionetsa pabwalo. Ndidakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Ndidamaliza ntchito yawo, Amayi. Ndidakuta khutu lija monga adanenera, pang'onopang'ono, osasiya mpata. Wailesi palibe akadandibwereka, choncho ndidasinthanitsa chitseko chatsopano ndi wailesi yakale kwa munthu wina wa ku Ntchisi yemwe sandidziwa. Dzulo masana ndidalumikiza m'chigafa, mawu nditatsitsa. Ndidaimba, ndidachotsa dzanja, ndidadikira. Ndidabwereza kakhumi. Mudalibe munthu wina m'wailesimo, nsambo zokhazokha. Potembenuka ndidapeza alamu ataima pakhomo la chigafa, Elinati ali kumsana. Ine sindidawauzepo zomwe zidachitika m'chipinda chija, koma adangoti, "Alamu, mukadaimba chonchi tsiku lija." Adatembenuka n'kumapita, ndipo sindidziwa kuti adamva kwa yani.

Ndiye ndikulonjezeni ichi. Lolemba ndikupita komwe kuja ndi gitala, wailesi ndi mabatire atsopano. Ndikamuuza bwana uja kuti ndidanama, kuti mawaya ndimawadziwa, ndipo kuti amene adalumikiza pabwalo ndine. Ndikalumikiza iye akuona n'kuimba. Mwina akandiseka, mwina akandilanda lamba ndi nsapato. Mantha ndili nawo. Mkazi wanga ndamuonetsa pomwe pali zipangizo zanga, ndipo denga la khitchini yanu ndilikonza mawa ndisanapite.

Koma pali chimodzi chomwe inu nokha mungadziwe, poti kuno palibe wotiuza. Ngati achimwene a Gideoni sadafike kumeneko, mundipempherere kuti ndikafike nthawi ikadalipo. Ngati adafika kale, ndipo ali nanu pamene mukuwerenga kalatayi, musawakakamize kundikhululukira. Mungowauza kuti mwana wawo ndi wamkazi, ali ndi chipumi chanu, ndipo kuti gitala yawo idatha, ikulira bwino.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene Lolemba sabwerera panjira,

Lameki